William Lloyd Garrison

William Lloyd Garrison (10 Disembala 1805 – 24 Meyi 1879) anali mkonzi wa nyuzipepala komanso mmodzi mwa atsogoleri a gulu lolimbana ndi ukapolo m'dziko la United States of America. Amadziwika kwambiri ndi nyuzipepala yake ya The Liberator, imene inkatuluka sabata iliyonse mumzinda wa Boston kwa zaka 35, kuyambira pa 1 Januwale 1831 mpaka pa 29 Disembala 1865. Garrison, yemwe anali mzungu, ankafuna kuti akapolo onse amasulidwe nthawi yomweyo, osati pang'onopang'ono, kuti eni akapolo asalipidwe kanthu, ndiponso kuti omasulidwawo akhale nzika zenizeni za dzikolo. Pamene ankayamba ntchitoyi, ngakhale azungu ambiri odana ndi ukapolo ankaona maganizo amenewa ngati opitirira muyeso. Iye anathandiza kukhazikitsa bungwe la American Anti-Slavery Society ndipo analitsogolera kuyambira 1843 mpaka 1865. Ankalimbikitsanso ufulu wa amayi ndipo ankakana kugwiritsa ntchito zida pofuna kusintha zinthu.

Ukapolo ku America pa nthawi yake

Anthu a ku Africa anayamba kufika nawo ku Virginia ngati akapolo m'chaka cha 1619. Dziko la United States litapeza ufulu wodzilamulira, zigawo za kumpoto zinayamba kuthetsa ukapolo, zina mwachangu, zina mwapang'onopang'ono. Kummwera zinthu zinayenda mosiyana. Mu 1793 Eli Whitney anapanga makina olekanitsa thonje ndi njere zake, ndipo ulimi wa thonje unayamba kupindulitsa kwambiri. Minda inakula, nawonso akapolo ankafunika ambiri. Boma linaletsa kubweretsa akapolo kuchokera kunja kuyambira 1808, koma malonda a anthu m'dziko momwemo anapitirira: anthu ankagulidwa ku Maryland ndi ku Virginia n'kukagulitsidwa ku minda ya thonje ndi nzimbe ya kummwera kwenikweni, mabanja n'kumabalalika. Kalembera wa 1830 anapeza akapolo oposa pang'ono 2 miliyoni. Pofika 1860 anali pafupifupi 4 miliyoni.

Kumpoto nakonso ukapolo unali ndi anzake. Mafakitale a nsalu a ku New England ankadalira thonje la kummwera, ndipo mabanki ndi eni zombo ankapeza phindu pa malonda omwewo. Azungu ambiri amene ankaona kuipa kwa ukapolo ankatsatira bungwe la American Colonization Society, lomwe linayamba mu 1816. Bungweli linkati anthu akuda omasuka atumizidwe ku West Africa, ndipo ndi limene linayambitsa dziko la Liberia. Anthu akuda ambiri a m'mizinda ya kumpoto ankakana zimenezi, ponena kuti America ndiye kwawo, kumene anabadwira ndi kukhetsa thukuta.

Ubwana ndi kuphunzira ntchito

Garrison anabadwira ku Newburyport, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Massachusetts. Makolo ake, Abijah Garrison ndi Frances Maria Lloyd, anachokera ku New Brunswick, komwe lero ndi mbali ya Canada. Bambo ake ankagwira ntchito ya pa zombo zamalonda. Lamulo la 1807 loletsa zombo za America kuchita malonda ndi mayiko ena linawachotsera ntchito, ndipo mu 1808 anasiya banja lawo osabwereranso. Mayi ake, omwe anali a mpingo wa Baptist ndiponso opemphera kwambiri, analera ana okha mu umphawi. Ali mwana, Garrison ankagulitsa maswiti opangira pakhomo ndi kutumikira anthu kuti pakhomo papezeke chakudya, ndipo sukulu sanapite nayo patali.

Anayesa kuphunzira kusoka nsapato komanso ukalipentala koma zonse sizinamukomere. Mu 1818, ali ndi zaka pafupifupi 13, analowa ntchito yophunzira kusindikiza ku nyuzipepala ya Newburyport Herald, kumene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Pa nthawiyo wosindikiza ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi ndi dzanja n'kuzindandalika kuti zipange mawu. Ntchito imeneyi inakhala sukulu yake: anaphunzira kulemba, ndipo anayamba kutumiza nkhani ku nyuzipepala yomweyo pogwiritsa ntchito mayina ongopeka.

Mu 1826 anayamba kuyendetsa nyuzipepala yakeyake ya Free Press. Sinakhalitse, koma ndi mmene munatuluka ndakatulo zoyamba za John Greenleaf Whittier, amene pambuyo pake anakhala mlakatuli wotchuka ndi mnzake pa nkhondo yolimbana ndi ukapolo. Mu 1828 Garrison anakhala mkonzi wa National Philanthropist ku Boston, nyuzipepala yolimbana ndi kuledzera.

Ku Baltimore ndi ku ndende

Chaka chomwecho anakumana ndi Benjamin Lundy, wa mpingo wa Quaker, yemwe ankayenda maulendo ataliatali kulalikira zotsutsa ukapolo ndipo ankasindikiza nyuzipepala ya Genius of Universal Emancipation. Mu 1829 Lundy anamuitana kuti akakonzere limodzi nyuzipepalayi ku Baltimore, mzinda wa m'chigawo cha Maryland kumene ukapolo unali wololedwa.

Pa 4 Julayi chaka chimenecho, polankhula mu tchalitchi cha Park Street ku Boston, Garrison anali akuvomerezabe kuti ukapolo uthe mwapang'onopang'ono. Posakhalitsa anasintha maganizo. Kuwerenga zolemba za olimbana ndi ukapolo a ku Britain komanso kucheza ndi anthu akuda a ku Boston ndi Baltimore kunamufikitsa pa mfundo imene anaigwira moyo wake wonse: ngati kusunga munthu ngati katundu ndi tchimo, tchimolo liyenera kusiyidwa lero, osati kulichepetsa chaka ndi chaka.

Mu nyuzipepala ya Lundy anatsegula gawo lolembamo nkhanza zochitikira akapolo, monga kukwapulidwa, kubedwa ndi kuphedwa. M'gawoli analemba za Francis Todd, wamalonda wa kwawo ku Newburyport, amene chombo chake chinanyamula akapolo kuchoka ku Baltimore kupita ku New Orleans. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu n'kumulamula kulipira madola 50 ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Analibe ndalamazo, choncho mu 1830 anakhala m'ndende masiku 49, mpaka pamene Arthur Tappan, wamalonda wolemera wa ku New York, anamulipirira. Atatuluka anasiyana mwamtendere ndi Lundy n'kubwerera ku Boston.

Nyuzipepala ya The Liberator

Garrison anayambitsa The Liberator limodzi ndi mnzake Isaac Knapp. Dzinali limatanthauza womasula. Inali ya masamba anayi, ndipo pachiyambi awiriwa ankagona m'kachipinda komweko kosindikizira. Mu kope loyamba Garrison anapepesa poyera chifukwa chovomereza kale zothetsa ukapolo mwapang'onopang'ono. Anachenjezanso owerenga kuti sadzafewetsa mawu ake, sadzabwerera m'mbuyo, ndipo anthu adzamumva ndithu. Anafanizira dzikolo ndi nyumba imene ikupsa, kumene sungauze wokuwa kuti atsitse mawu.

Amene anaichirikiza m'zaka zoyamba anali anthu akuda omasuka. Pafupifupi atatu mwa olembetsa anayi alionse anali akuda, ndipo James Forten, wosoka matanga a zombo wolemera wa ku Philadelphia, anathandiza ndi ndalama kuti isafe. Nyuzipepalayi inkasindikizanso makalata ndi nkhani za olemba akuda, kuphatikizapo Maria W. Stewart, mmodzi mwa amayi oyamba ku America kulankhula za ndale pamaso pa gulu la amuna ndi akazi.

Olembetsa sanapitirire kwenikweni 3,000, ndipo ndalama zinkavuta nthawi zonse. Mphamvu yake inachokera kwina. Akonzi a nthawiyo ankasinthana makope a nyuzipepala zawo. Akonzi a kummwera ankatenga nkhani za Garrison n'kuzisindikizanso kuti azitsutse. Iye ankasindikiza zomunyozazo patsamba loyamba n'kuziyankha. Motero mawu ake anafika kwa anthu ambiri amene sanagulepo nyuzipepala yake.

Mu Ogasiti 1831 kapolo wina dzina lake Nat Turner anatsogolera kuukira ku Southampton County, Virginia, ndipo azungu oposa 50 anaphedwa. Pobwezera, anthu akuda ambiri anaphedwa, kuphatikizapo amene sanatenge nawo mbali. Panalibe umboni woti Turner anawerengapo The Liberator, ndiponso Garrison ankatsutsa zokhetsa magazi, komabe akummwera anamuloza chala. Nyumba ya malamulo ya chigawo cha Georgia inalonjeza madola 5,000 kwa amene angamugwire kuti akaweruzidwe kumeneko.

Kukhazikitsa mabungwe

Mu Januwale 1832 Garrison ndi anzake anakhazikitsa bungwe la New England Anti-Slavery Society m'nyumba yopemphereramo anthu akuda ya African Meeting House ku Boston. Chaka chomwecho anatulutsa buku lotchedwa Thoughts on African Colonization, mmene anaonetsa, pogwiritsa ntchito mawu a atsogoleri a bungwe lotumiza anthu ku Liberia, kuti cholinga chawo chinali kuchotsa anthu akuda omasuka, osati kuthetsa ukapolo. Anaikamonso zimene misonkhano ya anthu akuda inagwirizana pokana kusamutsidwa. Bukuli linachititsa anthu ambiri kutuluka m'bungwelo.

Mu 1833 anapita ku England, kumene anakumana ndi William Wilberforce ndi Thomas Clarkson. Chimenecho n'chaka chimene nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'madera ambiri olamulidwa ndi dzikolo. Mu Disembala, ku Philadelphia, kunabadwa bungwe la dziko lonse la American Anti-Slavery Society, ndipo Garrison ndiye analemba chikalata cha mfundo zake. Njira imene anasankha inali yokopa mitima: maulaliki, timabuku, misonkhano ndi makalata a madandaulo opita ku nyumba ya malamulo. M'zaka zochepa nthambi za bungweli zinafalikira m'matauni ambiri a kumpoto.

Ziwawa zolimbana ndi gululi

Kukula kwa gululi kunautsa mkwiyo. Mu Julayi 1835 anthu a ku Charleston, South Carolina, anathyola positi ofesi n'kuwotcha timabuku totsutsa ukapolo timene tinatumizidwa kuchokera kumpoto. Kuyambira 1836 mpaka 1844 nyumba ya malamulo ya House of Representatives inali ndi lamulo loti madandaulo okhudza ukapolo asamakambidwe n'komwe.

Pa 21 Okutobala 1835 bungwe la amayi la Boston Female Anti-Slavery Society linali ndi msonkhano. Kunamveka mphekesera yoti George Thompson, mlaliki wotsutsa ukapolo wochokera ku Britain, adzalankhula kumeneko. Chikhamu cha anthu, ambiri mwa iwo amalonda ovala bwino, chinazinga nyumbayo. Posamupeza Thompson, chinatembenukira kwa Garrison. Anamupeza atabisala m'nyumba ya kalipentala, n'kumumanga chingwe m'chiuno ndi kumukoka m'misewu, zovala zitang'ambika. Meya wa mzindawo, Theodore Lyman, anamupulumutsa pomutsekera m'ndende usiku umenewo. Mmodzi mwa amene anaona zimenezi anali loya wachinyamata Wendell Phillips, amene pambuyo pake anakhala mlankhuli wamkulu wa gululi.

Ena sanapulumuke. Pa 7 Novembala 1837 mkonzi Elijah Lovejoy anawomberedwa ku Alton, Illinois, akuteteza makina ake osindikizira, ataonongeredwa kale makina atatu. Mu Meyi 1838 holo ya Pennsylvania Hall ku Philadelphia inawotchedwa patangopita masiku ochepa itatsegulidwa. Zochitikazi zinachititsa azungu ambiri a kumpoto kuona kuti ukapolo ukuwalandanso iwo ufulu wolankhula ndi wosindikiza.

Kugawanika kwa gululi

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830 Garrison anayamba kulankhula zinthu zimene anzake ena sanagwirizane nazo. Ankadzudzula mipingo ndi abusa chifukwa cholekerera ukapolo. Mu 1838 anathandiza kuyambitsa bungwe la New England Non-Resistance Society, limene linkakana nkhondo, chilango cha imfa ndi mphamvu iliyonse ya zida. Iye mwini sankavota, poona kuti boma limaima pa mphamvu yoteroyo. Anaikiranso kumbuyo Angelina ndi Sarah Grimké, ana a mwini akapolo wa ku South Carolina, pamene abusa ankawadzudzula chifukwa cholankhula pagulu pali amuna.

Mkangano unaphulika mu 1840, Abby Kelley atasankhidwa kulowa mu komiti ya msonkhano wa pachaka. Arthur ndi Lewis Tappan ndi otsatira awo anatuluka n'kuyambitsa bungwe lina la American and Foreign Anti-Slavery Society. Enanso, okhulupirira njira ya mavoti, anayambitsa chipani cha Liberty Party chimene chinaimika James G. Birney pa chisankho cha pulezidenti. Mu Juni chaka chomwecho, msonkhano wa dziko lonse wotsutsa ukapolo ku London unakana kulandira nthumwi zachikazi. Garrison anakana kukhala pa mpando wake n'kukakhala m'malo a oonerera monga anachitira amayiwo. Lucretia Mott ndi Elizabeth Cady Stanton, amene anakumana pa msonkhanowu, ndi amene anadzaitanitsa msonkhano wa ufulu wa amayi ku Seneca Falls mu 1848.

Garrison ndi Frederick Douglass

Frederick Douglass anathawa ukapolo ku Maryland mu 1838 ndipo anakhala wowerenga The Liberator mokhulupirika. Mu 1841 analankhula pa msonkhano wa pachilumba cha Nantucket, Garrison ali pomwepo, ndipo posakhalitsa analembedwa ntchito yoyenda kulankhula m'malo mwa bungwe. Garrison analemba mawu oyamba a buku la mbiri ya moyo wa Douglass limene linatuluka mu 1845.

Ubwenziwu unayamba kuzilala mu 1847, Douglass atayambitsa nyuzipepala yake ya The North Star ku Rochester, New York, ngakhale anzake a ku Boston anamulangiza kuti asatero. Kusiyana kwakukulu kunali pa malamulo oyendetsera dziko. Garrison ankati malamulowo amateteza ukapolo, popeza ankalamula kuti kapolo wothawa abwezedwe, ankawerengera akapolo asanu ngati anthu atatu pogawa mipando ya m'nyumba ya malamulo, ndiponso analola malonda a akapolo ochokera kunja mpaka 1808. Choncho kuyambira 1844 bungwe lake linkati kumpoto kuchoke mu mgwirizano ndi eni akapolo. Douglass anaona kuti kutero n'kuwasiya akapolo okha m'manja mwa ambuye awo. Mu 1851 analengeza kuti malamulowo, akawerengedwa bwino, angakhale chida chothetsera ukapolo. Awiriwa analemberana mawu owawa m'nyuzipepala zawo kwa zaka zingapo.

Njira yopita ku nkhondo

Lamulo la 1850 la akapolo othawa linakakamiza nzika za kumpoto kuthandiza kugwira othawa, ndipo wogwidwayo sankaloledwa kudziperekera umboni. Mu 1854 Anthony Burns anagwidwa ku Boston n'kuperekezedwa ndi asilikali ku chombo chomubwezera ku Virginia, anthu masauzande akuonerera mokwiya. Pa 4 Julayi chaka chimenecho, pa msonkhano wa ku Framingham, Garrison anawotcha poyera kope la lamulolo kenako kope la malamulo oyendetsera dziko.

Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya United States. Mu 1859 John Brown anaukira nkhokwe ya zida ya boma ku Harpers Ferry pofuna kudzutsa akapolo, ndipo ananyongedwa. Garrison anati njira ya Brown inali yolakwika koma cholinga chake chinali cholungama. Abraham Lincoln atapambana chisankho cha 1860, zigawo za kummwera zinayamba kudzipatula, ndipo nkhondo ya pachiweniweni inayamba mu Epulo 1861.

Nkhondoyi inamuika Garrison pa mphambano, pakuti kwa zaka zambiri ankakana zida. Anasankha kukhala kumbali ya boma la kumpoto, uku akumukakamiza Lincoln kuti nkhondoyo ikhale yomasula akapolo. Anakondwera ndi chilengezo cha pa 1 Januwale 1863 chomasula akapolo a m'zigawo zoukira, ndipo mu 1864 anakaonana ndi Lincoln ku White House. Mwana wake George anali msilikali wotsogolera m'gulu la asilikali akuda la 55th Massachusetts. Pa 14 Epulo 1865 Garrison anali mlendo wa boma pa mwambo wokwezanso mbendera ku Fort Sumter, ndipo anthu ongomasulidwa kumene a ku Charleston anamulandira ndi chisangalalo chachikulu.

Mu Meyi 1865 anapempha kuti bungwe la American Anti-Slavery Society lithe popeza ntchito yake yakwaniritsidwa. Phillips ndi Douglass anakana, ponena kuti munthu wakuda wopanda voti sanamasuke kwenikweni. Ambiri anavotera kuti bungwe lipitirire. Garrison anatula pansi udindo ndipo Phillips anatenga malo ake mpaka bungwelo linatha mu 1870. Kusintha kwa nambala 13 kwa malamulo oyendetsera dziko, kothetsa ukapolo m'dziko lonse, kunavomerezedwa mu Disembala 1865. Mwezi womwewo Garrison anatseka The Liberator itatuluka maulendo 1,820.

Banja ndi zaka zomaliza

Garrison anakwatira Helen Eliza Benson pa 4 Seputembala 1834. Anabereka ana asanu ndi awiri, ndipo asanu ndiwo anakula. Ngakhale cholembera chake chinali chaukali, omudziwa ankati pakhomo anali munthu wofatsa ndi wansangala. Ntchito yake sinamulemeretse, moti mu 1868 anzake anamusonkhera ndalama zoposa madola 30,000 kuti akhale nazo pa ukalamba.

Atapuma anapitiriza kulemba m'nyuzipepala zina. Ankalimbikitsa kuti amayi azivota, anadzudzula boma pochotsa asilikali oteteza anthu akuda kummwera mu 1877, ndipo anatsutsa zoletsa anthu a ku China kulowa m'dzikolo. Mkazi wake anamwalira mu 1876. Iye anamwalira ndi matenda a impso pa 24 Meyi 1879 ku New York, kunyumba ya mwana wake wamkazi Fanny, ndipo anaikidwa m'manda a Forest Hills ku Boston.

Mmene amakumbukiridwa

Akatswiri a mbiri yakale amasiyana pomuweruza. Ena amati ukali wa mawu ake, kukana kwake kuvota ndi mikangano yake ndi anzake zinagawa gululi, ndipo ukapolo unathetsedwa ndi ndale, nkhondo komanso akapolo eni ake amene ankathawa ndi kulowa usilikali. Ena amati popanda anthu onga iye, amene anakana kukhala chete kwa zaka zoposa 30, andale sakanakakamizika kuigwira nkhaniyo. Ambiri amavomereza kuti anali m'gulu la azungu ochepa a nthawi yake amene ankafuna kufanana kwenikweni kwa mitundu, osati kungothetsa ukapolo. Douglass, ngakhale anakangana naye, anamutamanda pa mwambo womukumbukira ku Washington.

Wolemba wa ku Russia Leo Tolstoy anatchula Garrison ngati mmodzi mwa amene anatsogola pa chiphunzitso chokana kubwezera choipa ndi nkhanza. Mdzukulu wake, Oswald Garrison Villard, anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la NAACP mu 1909, lomenyera ufulu wa anthu akuda. Ku Boston, mzinda umene anamukokamo ndi chingwe, kuli chiboliboli chake pa msewu wa Commonwealth Avenue chimene chinaimikidwa mu 1886.